Kadi Yofiira ya ku Mbare

Chisankho cha aphungu cha pa 24 ndi 25 Juni 2000 chikuyandikira, m'malokeshoni a mzinda wa Harare munatchuka kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la malaya: kadi yofiira. Otsatira chipani cha MDC, chomwe chinakhazikitsidwa pa bwalo la mpira la Rufaro ku Mbare mu Sepitembala 1999, ankaitulutsa n'kuikweza m'mwamba, wina pambali n'kuliza wezulo. Basi. Sipankafunika chimkuzamawu kapena chikalata chofotokoza mfundo. Kuyambira mwana wosewera mpira wachikulunga pafumbi la ku Glen View mpaka agogo ogulitsa tomato pa Mbare Musika, aliyense ankadziwa chimene chanenedwa ndi amene akuuzidwa.

Kwa ine, kadi imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zaluso kwambiri zimene ndale za kuno kummwera kwa Africa zinatulutsapo, ndipo luso lake ndi la anthu ochemerera mpira. Taonani zimene imanena munthu asanatsegule n'komwe pakamwa. Imanena kuti masewerowa ali ndi malamulo. Imanena kuti ngakhale katswiri amene anagoletsa zigoli zokumbukika m'dziko lonse, akaponda mnzake dala amatuluka ndithu. Amene waikweza kadiyo wadziika pamalo a woimbira: dzulo anali woonerera chabe, lero chigamulo chili m'manja mwake. Chinanso chimene ambiri sachiona n'chakuti kadi yofiira sipha munthu ndipo siwotcha bwalo. Wolakwa amakakhala panja, mpira n'kupitirira. M'dziko limene atsogoleri ake ankakonda kukumbutsa anthu za mfuti ya nkhondo yomenyera ufulu, anthu wamba anasankha chizindikiro chonena kuti mpikisano uli ndi mathero ake ndipo sabata yamawa kulinso mpira. Pachisankhocho MDC inapeza mipando 57 mwa 120, ndipo mu Harare inasesa.

Patangopita milungu iwiri, pa 9 Julayi, timu ya dziko ya Warriors inakumana ndi South Africa pa National Sports Stadium m'masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. M'masitandi munali zikhatho zotambasula mbwee, chizindikiro cha chipani chotsutsacho. Delron Buckley atagoletsa chigoli chachiwiri cha alendo, mabotolo anayamba kugwera m'bwalo, apolisi n'kuponya utsi wokhetsa misozi pakati pa khamu. Anthu 13 anafa popondana pothawira kuzipata. Kuyambira tsiku limenelo sapota wa ku Harare anadziwa kuti bwalo lili ndi zipata zochepa ndipo makiyi ake sali kwa iye. Sanasiye kulankhula, koma anaphunzira kuphiphiritsa.

Kuti mpira ndi ndale zikhale m'kamwa limodzi ku Harare si zadzulo. Timu ya Dynamos inabadwa mu 1963 ku lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, chaka chomwecho chimene chipani cha ZANU chinakhazikitsidwa ku Highfield. Masiku amenewo boma la atsamunda linkaletsa zipani za anthu akuda chimodzi pambuyo pa chinzake, koma Lamlungu masana anthu zikwizikwi ankatha kukhala pamodzi m'bwalo kuonerera anyamata awo ngati George Shaya akuzunguza adani. Pa Rufaro pomwepo ndi pamene mbendera ya Britain inatsitsidwa usiku wa pa 17 Epulo 1980, Bob Marley n'kuimba. Mbali ya bwalo kumene kumakhala masapota olimba mtima a Dynamos, yotchedwanso DeMbare, amaitcha Vietnam. Ku Highfield kuli Gwanzura, kumene Makepekepe a CAPS United anasewerako zaka zambiri. Mabwalo awiriwa ali pakati pa nyumba za anthu, moti chigoli chikalowa, mayi amene akuchapa ku mafulatsi a Matapi amachimva.

M'masitandi amenewa muli abale athu ambiri. Ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, anakhazikika ku Mbare, Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa ndi Mabvuku, ndipo mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'malokeshoniwa. Nthawi ina Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda chiwongo, kutanthauza obwera, ndipo lamulo la unzika la 2001 linachotsa ambiri a iwo m'kaundula wa ovota mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo. M'zaka zonsezo, malo amodzi amene munthu wa dzina loti Phiri kapena Banda sankafunsidwa chiphaso anali pa sitandi. Benjani Mwaruwari, mwana wa Amalawi, anakhala kaputeni wa Warriors. Joseph Kamwendo, ali ku CAPS United, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya Zimbabwe mu 2005, chaka chomwecho chimene boma linagwetsa nyumba ndi malo a malonda m'malokeshoni pa ntchito ya Murambatsvina, imene nthumwi ya United Nations inati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena pogwira. Munthu wolandidwa voti koma wosiyidwa ndi mawu a pa sitandi amawasamala mawuwo, ndipo amadziwa kuwagwiritsa ntchito.

Lamulo nalo linathandiza mosadziwa. Kuyambira mu 2002 lamulo la POSA, lomwe linalowedwa m'malo ndi MOPA mu 2019, limafuna kuti wokonza msonkhano wa ndale adziwitse apolisi masiku angapo zisanachitike, ndipo apolisi akhala akuletsa misonkhano yambiri ya otsutsa. Kusonkhana kwa masewera, mapemphero ndi maliro lamuloli silikukhudza. Choncho chilankhulo cha mpira chinasanduka chilankhulo cha dziko lonse, mpaka a chipani cholamula cha ZANU-PF omwe anachibwereka. Mu 2008 ena mwa iwo ankanong'oneza anthu kuti avotere phungu wa ZANU-PF koma pa mpando wa pulezidenti mpira aumenyere kutchire, bhora musango, ndipo Mugabe anagonja kwa Morgan Tsvangirai wa MDC m'chigawo choyamba. Mu 2013 chipanicho chinayankha ndi mawu oti bhora mugedhi, mpira m'golo. Anthu amene anali ndi wailesi ya boma, nyuzipepala za boma ndi asilikali anaona kuti kuti amvedwe ku Mufakose, ayenera kulankhula ngati a ku Vietnam.

Kenako kunabwera foni. Makampani a lamya atayamba kugulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okhaokha, kwa anthu ambiri m'malokeshoni intaneti inangokhala zinthu ziwirizi. Sitandi inalowa m'thumba. Masapota a Dynamos, a CAPS United, a Highlanders okhala mu Harare, a Arsenal ndi a Manchester United anadzipangira magulu, ena a anthu a msewu umodzi, ena ophatikiza abale amene ali ku Johannesburg, Gaborone ndi Leicester. Apa ndi pamene pali luso limene ndikufuna tiliyang'anitsitse.

Tayerekezani Lamlungu madzulo ku Budiriro. Magetsi anazima m'bandakucha, pampopi sipatuluka madzi, foni yosweka galasi yatchajidwa kwa neba amene ali ndi sola. Timu yagonja ndi chigoli cha penate yokayikitsa. M'gulu mauthenga akugwa mosalekeza: kutukwana kochi, zithunzi zoseka goloboyi, mauthenga a mawu a anthu okalipa mpaka kusasa mawu. Munthu waluso sathamanga. Mpira usanayambe sangaike nkhani ya dziko, chifukwa aliyense mtima uli m'mwamba ndipo angangomuuza kuti achoke. Amadikira ola limene mkwiyo wa pa woimbira wafika pachimake, ndiye amaponya funso limodzi lalifupi: kodi woimbira amene malipiro ake amachokera ku timu imodzi, amene amakalengeza zigoli usiku anthu atagona, n'kutchedwabe woimbira? Satchula bungwe la chisankho la ZEC. Satchula munthu. Koma aliyense m'gulumo akukumbuka kuti zotsatira za pulezidenti za 2018 ndi za 2023 zinalengezedwa usiku, ndipo achikulire akukumbuka mpira umene unatha pa 29 Malichi 2008 zigoli zake n'kudzamveka pa 2 Meyi. Wina amaika kachithunzi koseka. Wina amati tiyeni tikambe za mpira. Wofunsayo amayankha kuti za mpira ndi zimene akukamba, ndipo palibe angamutsutse.

Funso limaposa chiweruzo pa ntchito imeneyi. Chiweruzo chimafuna kuti uvomere kapena ukane pamaso pa anzako, pomwe funso umapita nalo kukagona. Ndiponso limateteza mwini wake. Ku Zimbabwe anthu amangidwapo chifukwa cha mawu olembedwa m'magulu a WhatsApp, pa mlandu wonyoza pulezidenti, ndipo maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights akhala akuyenda m'makhoti kuwaimira. Aliyense amadziwa kuti uthenga ukhoza kujambulidwa n'kukafika kupolisi dzuwa lisanalowe. Koma wapolisi adzalemba chiyani pa pepala la mlandu ngati munthu wangodandaula za kochi amene wakhala pa mpando zaka 37 timu ikungotsika? Chipani cholamula chitagwirizana mu Okutobala 2024 kuti chikufuna Pulezidenti Emmerson Mnangagwa apitirire mpaka 2030, nkhani ya mphindi zowonjezera, ndi ya wosewera amene akukana kutuluka ngakhale nambala yake yakwezedwa, inali yokonzeka kale pakamwa pa sapota aliyense.

Luso lina ndi muyezo. Ndale m'gulu la mpira zili ngati mchere m'ndiwo: ukachepa sukoma, ukachuluka mphika wonse umatayidwa. Amene amachita bwino ntchitoyi ndi munthu amene sabata yonse wakhala akutumiza mndandanda wa osewera, kukangana za ofusayidi, kusonkha nawo ya basi yopita ku bwalo la Barbourfields ku Bulawayo, kupereka chipepeso mnzawo atafedwa. Tsiku limene adzatumize uthenga wokumbutsa anthu kukalembetsa m'kaundula wa ovota, kapena wonena kuti mawa masitolo satsegula, anthu amauwerenga chifukwa wachokera kwa mnzawo amene analira naye limodzi timu itagonja. Wandale wongolowa m'gulu dzulo n'kuyamba kumata zithunzi za mtsogoleri wake amachotsedwa lisanafike Lachitatu, ndipo n'zomuyenera.

Adimini wanzeru ndi mmisiri wina wosatchulidwa. Amalola funso lophiphiritsa kuti lidutse, koma chithunzi cha chipani amachifafaniza msanga, chikhale cha mbali iliyonse. Ena amamuona ngati wamantha. Ine ndikuona kuti iyeyu ndiye wamvetsa chuma chenicheni cha gululo. M'gulu la chipani onse amagwirizana kale, ndiye mawu amangozungulira pomwepo. M'gulu la DeMbare muli mnyamata wa chipani cholamula amene amatolera ndalama pamsika, muli mphunzitsi wa pulayimale, muli woitanira makombi, muli wapolisi, muli mayi wogulitsa kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo. Kulibe malo ena mu Harare kumene anthu amenewa amawerenga uthenga umodzi pa ola limodzi mwa kufuna kwawo. Gulu likangosanduka la chipani, theka la anthuwa limatuluka, ndipo amatuluka ndi omwewo amene mawu anafunika kuwafika.

Chaka cha 2016 chinaonetsa kumene njira zimenezi zingafike. Mu Epulo m'busa Evan Mawarire anadzijambula kanema atakoleka mbendera ya dziko m'khosi, akudandaula za umphawi ndi katangale, ndipo kanemayo anayenda foni ndi foni pansi pa dzina la #ThisFlag. Kukoleka mbendera m'khosi ndi kavalidwe ka sapota. Pa 5 Juni chaka chomwecho Warriors, kochi wawo ali Kalisto Pasuwa amene pambuyo pake anadzaphunzitsa Bullets kwathu kuno, inachapa Flames yathu 3-0 pa National Sports Stadium n'kudzigulira malo ku chikho cha Africa cha ku Gabon. Mbendera zinali ponseponse, ndipo panalibe akanatha kusiyanitsa ya chimwemwe ndi ya madandaulo. Boma litachenjeza mu Sepitembala kuti kugwiritsa ntchito mbendera molakwika ndi mlandu, linadzipezera vuto lokha: ungamange bwanji munthu chifukwa chovala zimene amavala popita kukachemerera timu ya dziko?

Pa 4 Julayi oyendetsa makombi ndi oitanira ku Epworth, Mabvuku ndi Ruwa analimbana ndi apolisi chifukwa cha kuchuluka kwa marodibuloko. Pa 6 Julayi Harare inakhala zii, anthu osapita kuntchito. Uthenga woti anthu akhale panyumba sunadutse pa wailesi ya boma. Unayenda m'magulu amene anthu anali nawo kale, a pabanja, a kutchalitchi, a anzawo akusukulu, a mpira. M'mawa wa tsikulo WhatsApp inasiya kugwira kwa maola angapo, koma mawu anali atafika kale. Mwezi wotsatira, pa masewero a kiriketi a Zimbabwe ndi New Zealand ku Bulawayo, oonerera anaimirira pa ova ya nambala 36 n'kuimba nyimbo ya fuko, kuwerenga zaka 36 za ulamuliro umodzi. Nalonso linali luso lomwelo: nthawi yopanganidwa pafoni, chochita chimene lamulo silingachitche mlandu, ndi makamera amene anabwera kudzajambula masewero. Mu Januwale 2019, mtengo wa mafuta utakwera koposa kawiri ndipo malokeshoni atawira, boma linatseka intaneti yonse, mpaka khoti lalikulu linagamula pa 21 Januwale kuti nduna imene inalamula zimenezo inalibe mphamvu yotero.

Pali nkhani zina zimene sizifunika n'komwe kuphiphiritsa, chifukwa mpirawo ndiwo umboni. Mu 2020 bungwe la CAF linati mabwalo a Zimbabwe sakuyenera masewero a mayiko, ndipo pambuyo pake Warriors inakakamizika kukasewera ena mwa masewero ake apakhomo ku Rwanda ndi ku South Africa. Kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Julayi 2023 FIFA inaimitsa dzikolo chifukwa bungwe la boma loona zamasewera linachotsa akuluakulu a bungwe la mpira la ZIFA. Rufaro inakhala yotseka zaka zingapo mpaka 2024. Sapota amene wayamba ndi funso loti mipando ya m'bwalo ili kuti amafika yekha pa funso loti ndalama zinapita kuti, ndipo kuchoka apo n'pafupi kufunsa chifukwa chake kolera inapha anthu oposa 4,000 mu 2008 ndi 2009, Budiriro ili pakati penipeni pa mliriwo, n'kubweranso ku Glen View mu 2018. Waluso sakankha anzake pa njira imeneyi. Amangotsegula funso loyamba.

Alvin Zhakata, namwino amene masapota amamudziwa kuti Aluvah, anatengera luso limeneli kunja kwa malire. Mu 2019 anayenda pamsewu kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo kukaonerera chikho cha Africa, ulendo wa masiku 44. Anatsekeredwa pa malire a Kenya ndi Ethiopia chifukwa cha viza, anadutsa ku Sudan zipolowe zili mkati, ndipo anafika Warriors itatuluka kale. Zonsezi ankazifalitsa pafoni, ndipo masapota amene ankangofuna kudziwa ngati afike anapezeka akukambirana chifukwa chake Mwafirika amavutika kudutsa mu Africa kuposa mlendo wochokera ku Ulaya.

Sindikunena kuti zonse zotuluka m'magulu amenewa n'zokoma. Njira yomwe imanyamula funso lanzeru imanyamulanso bodza, ndi chipongwe cha mitundu chimene chimabuka Dynamos ikamakumana ndi Highlanders, pomwe ena amaseweretsa mabala a kuphedwa kwa anthu pa nthawi ya Gukurahundi amene sanapole. Pa 10 Sepitembala 2023, patangopita milungu yochepa chisankho chitachitika, masewero a matimu awiriwa ku Barbourfields anathera panjira anthu atathamangira m'bwalo n'kulimbana ndi apolisi. Pamenepo luso linali litatha, panatsala mkwiyo wokha. Andale a ndalama nawonso anaphunzira. Pedzisai Sakupwanya wa ZANU-PF anabweretsa wankhonya Floyd Mayweather ku Mabvuku mu Julayi 2023, ndipo timu yake ya Scottland inakwera mu ligi yaikulu kumapeto a 2024 n'kugula akatswiri ngati Khama Billiat. Ife Amalawi si alendo pa zimenezi, tikukumbuka masiku a Bakili Bullets ndi malonjezo a mabwalo a Maule ndi Manoma chisankho cha 2019 chisanachitike. Kusiyana kwake n'kwakuti wandalama amagula phokoso la tsiku limodzi, pomwe sapota wa ku Mbare mawu ake amawapeza ndi zaka zokhala pakati pa anzake.

Ku Egypt masapota a Al Ahly ndi Zamalek anaima kutsogolo pa zionetsero za pa bwalo la Tahrir mu 2011, ndipo pa 1 Febuluwale 2012 anthu oposa 70 anaphedwa m'bwalo ku Port Said. Ku Algeria nyimbo za m'masitandi zinatuluka n'kudzaza misewu mu 2019. Masapota a ku Harare sanagwetse boma, ndipo Mugabe anachotsedwa ndi asilikali mu Novembala 2017. Ntchito yawo ndi ina, ndipo sindiichepetsa. M'dziko limene msonkhano umaletsedwa ndipo foni imawerengedwa, iwo asunga malo amene anthu osagwirizana pa ndale amakambiranabe za chilungamo tsiku ndi tsiku, m'chilankhulo chimene aliyense ndi katswiri wake. Sapota sangavomere kuti malamulo asinthidwe mpira uli mkati. Sangavomere kuti mwini timu akhalenso woimbira. Munthu amene wazolowera kukana zimenezi Lamlungu lililonse savuta kuzizindikira zikaoneka Lachitatu la chisankho.

Inu amene muli m'magulu a Bullets, Wanderers kapena Silver ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi, kapena a Dynamos ku Mufakose, musamuthamangitse mnzanu wa chipani china, ndipo wobwera ndi zithunzi za mtsogoleri wake musamupatse gululo. Funsani za mabwalo, za ndalama za pachipata, za amene amalipira woimbira, ndipo nthawi ya kalembera ikakwana kumbutsanani kuti aliyense akatenge chiphaso chake chovotera.